Matayala Asanu ndi Atatu a Abu Dima

Mumzinda wonse wa Salt, m'dziko la Yorodano, muli munthu mmodzi yekha amene amayamba kulonjera matayala asanalonjere mwini galimoto. Dzina lawo ndi a Mamdouh, koma ukafunsa dzina limenelo pamsika anthu angokuyang'ana. Onse amawadziwa kuti Abu Dima, ndiye kuti bambo a Dima. Ukaima pakhomo pawo amatuluka dzanja atalitambasula kale, koma maso ali pansi. Kenako amanyonyomala, n'kukanikiza chikhadabo pa tayala lako, n'kuwerenga timanambala ta m'mbali mwake. Akadzuka m'pamene amakufunsa za kunyumba.

Anthu amaseka. Aseke, sanaone zimene munthuyu anaona. Zaka makumi awiri ndi zisanu anayendetsa ambulansi pamsewu wa m'chipululu, uja wochoka ku Amman kutsikira ku Aqaba. M'chilimwe ankapeza galimoto ili chagada, zikwama zili mbwee mumchenga, ndipo akatha kunyamula oyenera kunyamulidwa ankapita kukayang'ana tayala limene laphulika. Kawirikawiri linali looneka bwinobwino, mizere yake yakuya, koma labala wake wouma gwa. Kumeneko n'kumene anaphunzira kuti tayala limakalamba ngakhale lisanapondepo pansi, ndiponso kuti tsiku lake lobadwa limalembedwa m'mbali. Ndi manambala anayi basi, awiri oyamba sabata, awiri otsiriza chaka. Koma ndani amawerenga? Anthu amangoona tiubweya ta labala tija tikadalipo, n'kumati latsopano.

Mwana ali naye mmodzi, wamkazi. Achibale anawadya mutu zaka zambiri kuti atenge mkazi wachiwiri, ati mwamuna amatchulidwa ndi dzina la mwana wamwamuna. Azakhali awo ena mpaka ankawatchula kuti bambo a amene sanabwere. Iwo sanakangane ndi munthu. Anangosiya kuyankha dzina lina lililonse kupatula Abu Dima, mpaka mzinda wonse unatopa n'kugonja.

Atapuma pantchito, anzawo anagula timinda ta maolivi. Iwo anagula njinga yamoto, ya zikuluzikulu zija za mpando wotsika ndi chiwongolero chotambalala, zimene munthu amakhalapo miyendo itatsogola. Ndi yakuda, yolemera moti ikagwa amuna awiri amatuluka thukuta poidzutsa. Timphonje, timagetsi tamitundumitundu, tizitsulo tonyezimira, zonsezo amanyansidwa nazo. Amati njinga si mkwatibwi. Lachisanu lililonse akachoka kumzikiti, akazi awo, Umm Dima, ndiye kuti amayi a Dima, amamanga mpango, kuvala chisoti pamwamba pake, n'kukwera kumbuyo. Akangotuluka mumzinda mayiwo amayamba kusinza, chisoti chikugunda pamsana pa amuna awo. Zaka khumi ndi zitatu akhala akusinza choncho, ndipo sanagwepo.

Chaka chimene Dima ankakwatiwa, tayala lakumbuyo linali litayamba kusalala pakati. Mwamuna wake anali Laith, mnyamata waulemu wa kuchigwa cha Yorodano, amenenso anali ndi njinga yofanana ndi ya Abu Dima. Anabwera koyamba kudzafunsa za injini, kachiwiri anabwera kudzafunsa za injini yomweyo, kachitatu aliyense anadziwa kuti si injini. Abu Dima anali atalonjeza mwana wawo kuti tsiku la ukwati adzatsogolera okha mdipiti wa magalimoto, amayi ake ali kumbuyo, kuchoka ku Salt mpaka kwa apongozi ake. Msewu umenewo ndi wotsetsereka wokhawokha, wokhotakhota, ndipo mu Ogasiti phula lake limatentha moti galu saponda.

Ndiye anayamba kusankha matayala. Masabata atatu athunthu ankapita ku Amman, kugalaji ya a Harout, makaniko wachikulire amene amadziwana naye kuyambira masiku a ambulansi.

"Iwe ukusankha tayala kapena ukufunsira mbeta?" anawafunsa a Harout tsiku lina. "Lofewali limagwira msewu, koma chaka chimodzi latha. Lolimbali udzafa ulisiye, koma pa phula lotererali likuvinitsa. Ndakuuza kasanu."

"Kumbuyo kumakhala munthu."

"Ndikudziwa kuti kumakhala munthu. Mayi uja wakusenza iwe zaka makumi atatu, tayala lingalephere kumusenza iye?"

Pomaliza anagwirizana. Akuda opanda chokongoletsa, apakatikati polimba, otha kunyamula anthu awiri, kutsogolo ndi kumbuyo a mtundu umodzi, ndipo opangidwa chaka chomwecho. Chinatsala n'kungoitanitsa.

Apa m'pamene Abu Dima anapalamula, ndipo anapalamula ndi pakamwa pawo. Anaitanidwa kukadya kwa asebele awo, Abu Laith, bambo a mkwati. Mpunga ndi nyama ya nkhosa zitawakhala bwino m'mimba, anatchula zoti akugula matayala. Anaiwala kuti Abu Laith ali ndi sitolo ya matayala a malole ndi mathirakitala kuchigwako. Bamboyo anasiya kudya, anadziguguda pachifuwa ndi dzanja lamafuta lomwelo.

"Asebele anga akagule matayala kwa mlendo, ine ndili moyo? Mukufuna anthu andiseke? Nkhani imeneyo yathera pano."

Lachisanu lotsatira, nthawi yeniyeni imene amuna amakhala akuchokera kumzikiti, galimoto ya bokosi inaima pakhomo pa Abu Dima ikuliza hutala. Abu Laith anatsika atavala mkanjo woyera mbee. Kumbuyo kunali matayala awiri omangidwa nsalu yofiira, ndipo anali a mkombero woyera m'mbali, okongola ndithu, tiubweya tonse tili njo. Anthu a mumsewuwo anasonkhana. Abu Laith analankhula mokweza kuti amve ndi a pamakonde a m'mwamba omwe, ati matayala otere sapezeka m'dziko muno, ati anawagula padoko kalekale n'kuwasungira munthu woyenera.

Mawu akuti kalekalewo anawalasa Abu Dima. Anathokoza, anapsompsona asebele awo masaya onse, kenako thupi linachita zimene linazolowera. Ananyonyomala. Chikhadabo chinakana kulowa. Anapukuta fumbi m'mbali n'kuwerenga, ndipo anawerenganso kachiwiri poganiza kuti maso awanamiza. Matayalawo anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. M'kati mwa mizere munali timing'alu tating'onoting'ono tonga ta kuchidendene.

"Mwaona?" anatero Abu Laith, akuuza anthu. "Katswiri mwiniwake wagwada."

Anthu anawomba m'manja. Abu Dima anadzuka akumwetulira mokakamiza.

Mlendo atapita, mkwiyo wonse unatsanulidwa kukhitchini.

"Munthu wogulitsa matayala zaka makumi atatu," ankatero akuzungulira tebulo. "Zaka makumi atatu, osadziwa kuwerenga manambala anayi. Kapena akudziwa, ndiye n'zoipa koposa. Akufuna ndikukwezeni pa zinthu zimene zija, nditsike nanu phiri lija?"

"Tsitsani mawu, Dima ali m'chipinda," anatero Umm Dima. "Munthu wakupatsani ndi mtima wabwino."

"Mtima wabwino ndautolapo m'misewu, mayi. Ndaukulungapo m'mabulangete."

Dima anatuluka, maso atafiira kale. "Ababa, chonde. Kwatsala masabata anayi. Mukabweza mphatso ya apongozi anga anthu onse ataona, ine ndikakhala bwanji m'nyumba mwawo? Ingoikani tsiku limodzi lokha."

Tsiku limodzi lokha, eti. Ngati kuti tayala limayang'ana kalendala lisanaphulike. Koma mwanayo sankanama. Kuno mphatso yoperekedwa pagulu siibwezedwa, ndipo woibweza amakhala watukwana banja lonse, agogo a kumanda omwe. Dima akakhala pamwamba pa sitolo ya apongozi akewo, kudya nawo, kulera ana pamaso pawo.

M'mawa mwake anatengera limodzi kwa a Harout. Mkuluyo analigubuduza, analinunkhiza, analiponya pansi n'kumvetsera kulira kwake.

"Ili lakhala padzuwa," anatero. "Ukafuna kudzipha, pita kwina. Ine sindiika ili pa njinga yonyamula Umm Dima. Amandipatsa maolivi chaka chilichonse."

Abu Dima anabwerera ataganiza zonena kuti matayalawo sanakwane. Bodza laling'ono, lopanda wovulala. Madzulo a tsiku lomwelo Laith anabwera ndi maswiti, ndipo Abu Dima anamuyesa kaye iye bodzalo.

"Musadandaule, bambo," anayankha Laith mosangalala. "Akakanika kwa inu alowa kwa ine, ndinayesapo kale pa njinga yanga. Ndiponso padenga la sitolo alipo ena asanu ndi limodzi. Bambo anena kale kuti awiri ndi anga. Ukwati ukatha ndimutenga Dima panjinga, tikapume ku Aqaba."

Abu Dima anaika kapu ya tiyi pansi pang'onopang'ono. "Ku Aqaba. Kudzera m'chipululu."

"Eya, tidzanyamuka m'mawa."

Anamutengera mnyamatayo panja, anamunyonyomalitsa, anamuonetsa manambala ndi timing'alu. Laith anamvetsera mutu uli pansi.

"Ndinawauzapo, bambo. Anati manambalawo ndi nzeru za opanga kuti tizingogula. Anati kodi ine ndayamba kuwaphunzitsa ntchito yawo? Njinga yanga imagona pakhomo pa sitolo. Ndikaika a kwina, awo ali padenga, ndiye kuti ndawayalutsa pamaso pa makasitomala awo onse."

"Ndiye uika a padengawo."

Laith anadzuka n'kupukuta fumbi pamawondo. Mnyamata wabwino, waulemu, wa mtundu uja umene sutsutsa bambo ake ngakhale nyumba ikupsa. Abu Dima anafuna kumugwedeza mpaka mano agwe. Msewu wa ku Aqaba amaudziwa mwala uliwonse. Amadziwa pamene phula limasungunuka masana, pamene malole amakukankhira m'mbali ndi mphepo yawo, pamene ambulansi imatenga mphindi makumi anayi kuti ifike. Tsopano pamsewu umenewo padzadutsa mwana wawo mmodzi yekhayo, atakhala pa labala wa zaka zisanu ndi zinayi, chifukwa choti amuna akuluakulu akuopana nkhope.

Anaganiza masiku awiri. Kubweza, matayalawo apita kwa Laith. Kusunga awiriwo, padenga patsala ena. Kuwauza Abu Laith zoona, bamboyo aumirira dala kuti aonetse kuti katundu wake ndi wabwino, ndipo Dima alowa m'nyumba ya anthu okwiya. Kuletsa ulendo, mwana akangokwatiwa si iwe wolamula. Lachinayi masana anasamba, anavala mkanjo wawo wabwino, anabwereka galimoto ya bokosi kwa mnansi n'kutsikira kuchigwa.

Lachinayi ndi tsiku limene amuna amasonkhana m'chipinda cha alendo kwa Abu Laith. Analimo oposa khumi ndi asanu, abale, amalonda, akuluakulu a m'deralo. Abu Dima analandiridwa ndi manja awiri, anakhazikidwa pamalo aulemu. Wothira khofi anabwera ndi kakapu ka khofi wowawa uja. Iwo anakalandira ndi dzanja lamanja, n'kukaika pansi patsogolo pawo osalawa.

Amuna onse anayang'ana kakapuko. Mlendo akatero ndiye kuti wabwera ndi pempho, ndipo samwa mpaka mwini nyumba avomere. Ndi mmenenso Abu Laith anachitira tsiku limene anabwera kudzapempha Dima. Koma bambo wa mkwatibwi, masabata atatu ukwati usanachitike, angapemphe chiyani? Aliyense anaganiza chimodzi, kuti munthuyu wabwera kudzathetsa ukwati. Abu Laith nkhope inasintha. Anayang'ana alendo ake, ndipo kunyada kunathamanga kuposa nzeru.

"Imwani khofi wanu, asebele. Chimene mwadzera ndi chanu, kaya n'chiyani. Amuna awa ndi mboni."

Abu Dima anatola kakapuko, anamwa, anakagwedeza kusonyeza kuti akhuta.

"Mulungu atalikitse moyo wanu. Ndadzera matayala otsala padenga aja."

"Matayala?"

"A mkombero woyera aja. Onse asanu ndi limodzi."

Wina anatsokomola. Mkulu wina wa kungodya anabisa pakamwa ndi mpango. Abu Laith anapumira m'mwamba poona kuti ukwati ulipo, kenako anayamba kumva kuwawa kwake.

"Njinga yanu ili ndi miyendo ingati, asebele?"

Amuna anaseka.

"Iwiri. Koma ndawakonda."

"Awiri mwa amenewo ndinasungira mwana wanga."

"Khofi ndamwa kale," anatero Abu Dima, akuyang'ana pansi.

Sananenepo mawu onyansa chotero chibadwire. Anamva okha kununkha kwake. Munthu amene sanalandirepo ngakhale botolo la madzi kwa abale a odwala, lero wakhala pakati pa amuna n'kumapempha zowonjezera pa mphatso. Abu Laith anadzuka, mawu ake atazizira, n'kulamula kuti matayalawo atsitsidwe. Abu Dima anakwera nawo padenga kuti aone ndi maso kuti sipatsala ngakhale limodzi. Anawapeza ataunjikidwa pafupi ndi thanki ya madzi, padzuwa la kuchigwa lija, popanda ngakhale chiguduli chofundira. Anawerenga asanu ndi limodzi, anasuzumira kuseri kwa thanki, ndipo anyamata a pasitolo anaona kusuzumirako n'kukakufotokoza.

Nkhani inafika ku Salt iwo asanafike. Pofika Loweruka, wometa tsitsi ankaidziwa, wogulitsa buledi ankaidziwa, ndipo inali itanenepa. Ati Abu Dima anapempha ndi mabatire omwe. Ati akufuna kutsegula sitolo ndi katundu wa asebele ake. Anthu omwe aja anawanyamulira abale awo m'chipululu, amene anawasinthira matayala pamvula osalandira kanthu, anayamba kuwatchula Abu Matayala. Zaka makumi atatu kumenyera dzina la mwana wawo, n'kulitaya tsiku limodzi chifukwa cha labala wowola. Anthu a mumzinda uno akapeza pokuseka amaiwala zonse, ndipo zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Anapita nawo onse asanu ndi atatu kwa a Harout, anatseka chitseko cha galaji, n'kuwadula ndi makina limodzilimodzi, kuti pasadzapezeke wowatola kudzala n'kukagulitsa. A Harout sanaseke tsiku limenelo. Anangoti, "Ndiwe chitsiru, Mamdouh," n'kuwagwirira tayala kuti lisagwedezeke.

Laith, poti padenga panalibe kanthu, analoledwa ndi bambo ake kukagula kwina. Anabwera kugalajiko, anaona zidutswa zili pakona, ndipo anamvetsa zonse.

"Bambo, ndimuuza Dima."

"Ukamuuza ndikuthyola miyendo. Akadziwa, adzawayang'ana bambo ako ndi diso lina moyo wake wonse, ndipo mpunga azidya wa m'nyumba mwawo. Andikwiyire ine. Ine ndi bambo ake, sangandichotse."

Ndipo Dima anakwiyadi. Azilamu ake anali atayamba kumufunsa pa foni ngati nayenso adzabwera ndi galimoto ya bokosi. Analira, anafunsa bambo ake chifukwa chake, iwo anangoti anawakonda matayalawo. Kuyambira pamenepo ankawapatsa tiyi osawayang'ana. Umm Dima okha sanafunse kanthu. Mayi amene wakhala ndi munthu zaka makumi atatu safuna kuuzidwa. Anangowonjezera shuga mu tiyi wa amuna awo, zimene adokotala analetsa.

Panatsala vuto limodzi. Msewu wonse unaona matayala a mkombero woyera, ndipo chigwa chonse chidzawayembekezera pa mdipiti. Atsopano aja a Harout anaitanitsa anali akuda bii. Choncho Abu Dima, munthu amene amati njinga si mkwatibwi, anagula kachitini ka penti yoyera ndi kaburashi, anadzitsekera kuseri kwa nyumba masana awiri, n'kujambula mkombero pa matayala awo atsopano. Ankatukwana chapansipansi mzere uliwonse. Anasiya malo amodzi okha osapaka, pa manambala anayi aja, chifukwa dzanja linakana.

Tsiku la ukwati kunatentha koopsa. Dima anatuluka m'nyumba atagwiridwa mkono ndi bambo ake monga mwa mwambo, koma mkonowo unali wouma ngati wa munthu wachilendo. Mdipiti unanyamuka, mahutala akulira, ng'oma ikugunda m'basi ya akazi. Kutsogolo kunali njinga yakuda ija, Umm Dima kumbuyo ndi diresi lopeta pansi pa chisoti. Anatsika phirilo bwinobwino, khona ndi khona, matayala akugwira phula ngati kuti alibe nkhani. Pofika pakati, chisoti chinayamba kugunda pamsana. Mayiwo anali atasinza, pa ukwati wa mwana wawo.

Kuchigwa Abu Laith anawalandira pachipata ndi ulemu wouma. Amuna anazungulira njinga. Bamboyo, pofuna kuonetsa alendo mphatso yake, anawerama n'kusisita mkombero woyerawo. Chala chinabwerako choyera, poti penti inali itafewa ndi kutentha. Anayang'ana chalacho. Ananyonyomala, mkanjo wa ukwati ukukhudza fumbi, ndipo maso ake anagwera pamalo osapaka aja. Anawerenga. Kodi si uyu ankati manambala ndi bodza la opanga? Anawerenga bwinobwino, milomo ikugwedera. Kenako anatembenuka kuyang'ana njinga ya mwana wake, imene inaima pamthunzi ndi matayala atsopano akuda, ndipo pomaliza anayang'ana Abu Dima.

Anadziwa. Abu Dima anaona m'maso mwake kuti wadziwa zonse, za padenga, za khofi, za Aqaba. Mawu awiri okha akanakwana, pamaso pa amuna omwe aja anaseka, ndipo dzina likanabwerera.

Abu Laith anadzuka, analowetsa chala choyeracho m'thumba n'kuchipukutira momwemo.

"Mwaona matayala anga?" anatero mokweza. "Phiri lonse lija, anthu awiri, dzuwa ili. Katundu wa kwa Abu Laith ameneyo."

Amuna anavomereza, ena anaombera m'manja. Wina kumbuyo anati n'chifukwa chake munthu anafuna onse, ndipo kunali kuseka. Abu Dima anakukuta mano mpaka nsagwada zinawawa. Pa chakudya Abu Laith anawang'ambira yekha nyama yabwino koposa n'kuwaikira patsogolo, kawiri, katatu, osawayang'ana kumaso. Kupepesa kwake kunathera pa nyamayo. Abu Dima anadya, chifukwa kukana kukanakhala nkhani ina.

Patapita masiku awiri, Laith ndi Dima ananyamuka m'mawa kupita ku Aqaba. Abu Dima anatulutsa mpando pabwalo, foni pamwendo, wotchi padzanja. Sanadye. Umm Dima ankawamva akudziyankhulira. Pano adutsa Qatrana. Pano ali pa malole a ku Hasa. Ngati anaima kumwa madzi, pano akuyandikira Ma'an. Itakwana nthawi ya chitsikira chachikulu chija cha ku Naqab anasiya kuyankhula, anangogwira foni ndi manja awiri. Pamenepo anatolapo banja lathunthu chaka china, ndipo anakumbukira mtundu wa nsapato za mwana wamkazi wa m'banjamo.

Foni inalira dzuwa litapendeka. Anayankha isanamalize kulira koyamba.

"Tafika," anatero Dima. Mawu ake anali aulemu, ozizira, a munthu amene akungokwaniritsa udindo. "Amayi alipo?"

"Alipo, mwanawe. Mwayenda bwino?"

"Bwino. Ndipatseni amayi."

Anapereka foni. Anamva akazi awo akuseka m'nyumba, akufunsa za nyanja, za chipinda, za kutentha. Iwo anakhala pampandopo kanthawi. Kenako anatenga chiguduli ndi botolo la petulo, anakankhira njinga pamthunzi wa pakhomo, ananyonyomala n'kuyamba kuchotsa penti ija.

Mnansi wina anadutsa ndi thumba la buledi.

"Abu Matayala, mwatsala nawo angati?"

Abu Dima sanatukule mutu. Dzina limenelo sayankha, ndipo sadzayankha. Anapitiriza kupukuta mpaka labala wakuda anaonekera kuzungulira tayala lonse, kenako anasunthira ku lakutsogolo.